MSONKHO WALOWA M'LAMYA: NKHANI YA KU LUWINGA

Munthu akachoka pakati pa mzinda wa Mzuzu ndi kutsata msewu waukulu wopita ku Ekwendeni ndi ku Karonga, asanapite patali amafika pa Luwinga. Pamenepa ndi pamene pali sukulu yaikulu ya Mzuzu University, imene inatsegulidwa mu 1999 m'nyumba zimene kale zinali za sukulu ya aphunzitsi. Chapafupi pomwepo pali chipatala chachikulu cha chigawo cha kumpoto, mafakitale, msika ndi matchalitchi ambiri. Anyamata a njinga zonyamula anthu, zimene a ku Mzuzu amazitcha sakramento, amayamba kupalasa kusanache.

Koma chimene mlendo wochokera kumudzi amayamba kuona ndi china. M'mbali mwa msewu muli timanyumba ta matabwa ndi malata, tina tofiira, tina tobiriwira, ndipo m'katimo mwakhala mnyamata kapena mtsikana ali ndi lamya ziwiri kapena zitatu ndi kabuku kolembamo. Awa ndiwo maejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba. M'manja mwao ndi mmene mumadutsa ndalama za fizi, za mankhwala, za feteleza, za chopereka ndi za chipepeso. Tsono popeza ndalama zasamukira m'lamya, msonkho nawonso wazitsata komweko. Anthu ambiri m'midzi ali kufunsana za nkhaniyi, ndipo lero tifuna kuilongosola kuchokera pachiyambi, kuti munthu asamangodalira nkhani za m'maluwa.

KODI NDALAMA ZIMALOWA BWANJI M'LAMYA?

Kampani yoyamba ya lamya za m'manja m'dziko muno, TNM, inakhazikitsidwa mu 1995. Mu 1999 kunabwera ina yotchedwa Celtel, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala Zain, ndipo mu 2010 inakhala Airtel. Poyamba lamya inali ya mabwana okhaokha, koma lero ngakhale mayi wogulitsa nthochi ali nayo, waimangira pa nsonga ya chitenje. Nzeru yotumiza ndalama pa lamya inatchuka koyamba ku Kenya mu 2007. Kuno kwathu Airtel Money inayamba mu 2012, ndipo Mpamba inatsatira mu 2013.

Tsono mvetsetsani ichi: ndalama sizilowa m'lamya ayi. Mukapereka K20,000 kwa ejenti, iye amasunga mapepalawo, nachotsa K20,000 pa nambala yake ndi kuilemba pa nambala yanu. Chimene chiri m'lamya ndi chiwerengero chabe, monga mmene kalaliki wa ku positi ankalembera m'kabuku ka munthu wosungitsa ndalama. Ndalama zenizeni kampani imazisungitsa ku mabanki, m'thumba lapadera losasakaniza ndi chuma chake, ndipo banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi ndiyo imayang'anira zimenezi. Chifukwa chake lamya ikagwera m'madzi kapena ikabedwa, ndalama sizitayika, malinga wakubayo asadziwe nambala yanu yachinsinsi.

Chinthu china ndi ichi: ndalama ya m'lamya imasiya mapazi. Kuyambira mu 2018 nambala iliyonse iyenera kulembedwa m'dzina la mwini wake, ndipo ambiri analembetsa ndi chiphaso cha unzika chimene anthu anajambulitsa mu 2017. Kotero makina amadziwa kuti ndalama zakuti zachoka pa nambala yakuti kupita pa nambala yakuti, tsiku lakuti. N'chifukwa chake maboma ambiri mu Africa aona kuti m'lamya ndi malo osavuta kutolerapo msonkho. Sipafunika mesenjala, sipafunika kuthamangitsana.

MSONKHO WA MAKOLO ATHU

Msonkho si chinthu cha dzulo. Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891, Bwana Harry Johnston anayamba kukhometsa msonkho wa nyumba m'maboma a kumwera. M'zaka zoyambazo nyumba imodzi inkalipira mashiling'i 3 pa chaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkho unakwera kufika mashiling'i 6, koma munthu amene wagwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka lokha. Apa aliyense atha kuona kuti cholinga sichinali ndalama zokha ayi, koma kukankhira amuna ku minda ya Azungu.

Kuno kumpoto Angoni a kwa M'mbelwa anakhala nthawi ndithu osalowa m'manja mwa boma. Mu 1904 Bwana Alfred Sharpe anakumana ndi makosi ku Ekwendeni, mtunda wa makilomita ngati 20 kuchokera pa Luwinga, amishoni a Livingstonia ali pomwepo, ndipo anapangana kuti dziko la Angoni lilowe pansi pa boma. Msonkho unayamba kutoledwa mu 1906. Pa nthawiyo mzinda wa Mzuzu kunalibe, pakuti unayamba cha m'ma 1947 pamene kunatsegulidwa munda waukulu wa mitengo ya tung.

Nanga munthu wa ku Mzimba kapena wa ku Nkhata Bay akanaipeza kuti shiling'i? Ntchito kuno inali yosowa, ndipo misika inali kutali. Chomwecho amuna ananyamuka wapansi kupita ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya ku Northern Rhodesia. Ena anabwerera ndi njinga ndi majekete, ena sanabwerere konse, ndipo ndiwo aja timawatcha matchona. Mkazi ankadikira miyezi kuti kalata ifike, ndipo ikafika ankapita nayo kwa aphunzitsi kuti amuwerengere.

Ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, msonkho wa mutu unapitirira. Akuluakulu akukumbukira bwino mmene amuna ankathawira kutchire akamva kuti otolera msonkho afika m'mudzi, ndi mmene munthu ankaimitsidwira pa msika kuti aonetse chiphaso. Msonkho umenewu unathetsedwa pa nthawi ya kusintha kwa ndale, cha m'ma 1993 ndi 1994. Lero mdzukulu wa tchona uja ali ku Joni komweko, koma ndalama zake zimafika m'lamya ya amayi ake pa Luwinga mphika wa ndiwo usanapse.

MLALIKI AMENE ANALONJEZA KUTHA KWA MSONKHO

Nkhani ya msonkho ndi nkhani ya chipembedzo zinakumana kalekale m'chigawo chino. Kunali Mtonga wina, Elliot Kamwana, amene anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia. Atapita ku South Africa anakumana ndi Joseph Booth, ndipo mu 1908 anabwerera kwao kunyanja ndi chiphunzitso cha Watch Tower. Iye ankalalikira kuti mu 1914 kudzafika ufumu watsopano ndipo msonkho udzatha. Anthu amene anatopa ndi msonkho anakhamukira kwa iye, kotero kuti m'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma linachita mantha, linamgwira mu 1909 ndi kumchotsa m'dera lake, ndipo sanaloledwe kubwerera kufikira mu 1937.

Chaka cha 1914 chinafika ndi nkhondo, ndipo msonkho sunathe. Koma anthu ena ophunzira ku Livingstonia anasankha njira ina. Mu 1912 a Levi Mumba ndi anzao anayambitsa bungwe la North Nyasa Native Association, ndipo mu 1920 kunabadwa la Mombera Native Association. Iwowa sankanena kuti msonkho uthe. Ankalemba makalata ku boma ndi kufunsa kuti ndalama za msonkho zibwerere kwa eni ake mwa sukulu, zipatala ndi misewu. Funso lao lija ndi lomwe tiyenera kumafunsa mpaka lero.

MISONKHO YA PA LAMYA

Tsopano tibwere ku za masiku athu ano. Misonkho ya boma imatoledwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000. Koma bungweli silipanga malamulo a msonkho. Nduna ya Zachuma ndiyo imabwera ndi maganizo ku Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu amene inu munawasankha ndiwo amavomereza kapena kukana.

Mu 2015 nduna ya nthawiyo, a Goodall Gondwe, inaika msonkho wa K10 pa K100 iliyonse pa mauthenga olemba pa lamya ndi pa intaneti. Chaka chomwecho, mu December, moto unatentha nyumba ya mabuku ya Mzuzu University pa Luwinga, ndipo mabuku zikwi zambiri anapsa. Ophunzira ambiri anatsala ndi lamya zao ngati poti n'kuwerengerapo. Apa ndi pamene ambiri anazindikira kuti intaneti si yosewerera ayi, ndi kuti msonkho wa pa bandulo umakhudza mwana wa sukulu monga mmene mtengo wa makope umamkhudzira.

Mu September 2019 nduna ina, a Joseph Mwanamvekha, inabwera ndi maganizo akuti pa ndalama zoyenda m'lamya pazidulidwa K1 pa K100 iliyonse. Anthu anadandaula kwambiri. Bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi, amalonda ndi akatswiri a makompyuta ananena kuti msonkhowu ugwera anthu osauka amene alibe buku ku banki. Boma linamva, ndipo pasanathe miyezi iwiri maganizowo anachotsedwa.

Mu November 2025, a Mwanamvekha omwewo, atabwereranso pa mpando wa Nduna ya Zachuma, analengeza misonkho ina. Pa ndalama zotumizidwa pa lamya zopitirira K100,000 anaikapo msonkho umene muyeso wake ndi K50 pa K100,000, wolipira wotumiza. Muyeso womwewo anauikanso pa ndalama zotumizidwa kudzera ku banki. Msonkho wa pa katundu wa m'sitolo, umene umatchedwa VAT, anaukweza kuchoka pa K165 kufika pa K175 pa K1,000 iliyonse. Kwa anthu a pa ntchito, malipiro osadulidwa msonkho anawakweza kuchoka pa K150,000 kufika pa K170,000 pa mwezi.

TIYENI TIWERENGE PAMODZI

Safunsa anadya phula. Tiyeni tikhale pansi ndi kuwerenga bwino, kuti tidziwe pamene pakuluma kwenikweni.

Choyamba, msonkho wa 2019 ukanadula K1,000 pa K100,000. Wa 2025 muyeso wake ndi K50 pa ndalama zomwezo. Ndiye kuti ndi wochepa ka 20 poyerekeza ndi woyamba uja. Ndiponso, monga inalengezera nduna, mayi wotumiza K15,000 kwa mwana wake wa ku sekondale, kapena mnyamata wa sakramento wotumiza K8,000 kwa agogo ake ku Euthini, sakhudzidwa nawo.

Chachiwiri, si ndalama zonse zodulidwa m'lamya zimene ziri msonkho. Mukamatumiza kapena kutapa ndalama, kampani imadula malipiro a ntchito yake, ndipo m'menemo ndi mmene ejenti amalandiramo gawo lake. Ejenti si wokhometsa msonkho. Ngati wina akuuzani kuti muonjezere ndalama pamanja chifukwa cha msonkho, kanani, pakuti zodulidwa zonse zimadulidwa ndi makina ndipo zimaoneka mu uthenga.

Chachitatu, msonkho umene umafika pakhomo pa aliyense ndi wa m'sitolo uja. Tiyerekeze banja limene pa mwezi limagula katundu wokhala ndi VAT, monga zovala, mabatire, ziwiya ndi mayunitsi, wa mtengo wa K50,000 msonkho usanaikidwe. Kale likanalipira K8,250 ya msonkho. Pa muyeso watsopano lilipira K8,750. Kusiyana kwake ndi K500, ndiko kuti ka 10 kuposa K50 ya pa lamya ija. Chimanga, nyemba ndi masamba a pa msika wa kumudzi ziribe msonkho umenewu, koma mtengo wake umakwerabe pamene zina zonse zakwera.

Komabe tisanamize anthu kuti msonkho wa pa lamya ulibe kanthu. K100,000 ya lero si ya kale. Kwacha inagwetsedwa mphamvu mu May 2022, ndiponso kwambiri mu November 2023, kotero kuti mu 2025 thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50 linkadutsa K100,000 m'masitolo. Mlimi wogula matumba awiri pa lamya walowa kale m'gulu la olipira. Chimodzimodzinso mayi woitanitsa mpunga ku Karonga kapena usipa ku Nkhata Bay. Ndiponso ndalama ya malonda imayenda kambiri: kwa wogula, kwa wopikulitsa, kwa mwini galimoto, kwa mlimi, ndipo paliponse pamene yadumpha msonkho umadulidwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo pomaliza umasenzedwa ndi wogula.

ZA M'MAIKO ENA

Anzathu a m'maiko ena anayenda kale njira imeneyi. Ku Uganda mu 2018 boma linaika msonkho wa 1 pa 100 pa ndalama za m'lamya. Anthu anasiya kutumiza, ndipo chaka chomwecho boma linautsitsa ndi theka, n'kuusiya pa kutapa pokha. Ku Zimbabwe mu October 2018 anaika 2 pa 100. Ku Tanzania mu July 2021 anaika msonkho umene anthu anaudandaula kwambiri, ndipo boma linautsitsa pasanathe miyezi itatu. Ku Ghana unayamba mu May 2022, unatsitsidwa mu 2023, ndipo mu 2025 unathetsedwa.

Phunziro lake ndi loonekeratu. Msonkho ukalemera, anthu amabwerera ku ndalama za mapepala, kuzibisa pansi pa mphasa kapena kuzipatsira kondakitala wa minibasi, ndipo boma silipeza kanthu. Ukapepuka, anthu amadandaula pang'ono napitiriza. Chofunika kuyang'anira ndi chakuti msonkho umene wayamba wochepa usamakwezedwe mwakachetechete chaka ndi chaka. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 April, ndipo ziwerengero zimatha kusintha. Choncho mvetserani wailesi pamene nduna ikuwerenga ndondomeko ya chuma.

KU TCHALITCHI NDI KU MZIKITI

Lamya yalowanso m'nyumba za mapemphero. Izi zinakula mu 2020, pamene kunagwa mliri wa Covid-19. Pa 20 March chaka chimenecho boma linalengeza kutseka sukulu ndi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100. Mipingo yambiri ya mu Mzuzu, imene inali itazolowera kudzaza tchalitchi, inayamba kupemphera pa wailesi ndi pa Facebook, ndipo akhristu anauzidwa nambala zotumizirapo chakhumi ndi chopereka. Mliri unapita, koma nambala zija zinatsala.

Pa ichi anthu saona chimodzimodzi. Akuluakulu ena amati chopereka n'chofunika munthu anyamuke nacho yekha, ayende kupita kutsogolo ndi kuika m'mbale nyimbo ili mkati, chifukwa kupereka ndi gawo la kupembedza. Achinyamata amayankha kuti mbale wao amene ali ku Joni kapena ku Lilongwe sangafike ndi phazi, koma mtima wake uli pa mpingo wa kwao, ndipo denga la tchalitchi lafoleredwa ndi ndalama zoterezi. Onsewa ali ndi mfundo, ndipo mpingo uliwonse uweruze wokha.

Ife tingoonetsa masamu. Mkhristu wopereka chakhumi amachotsa K100 pa K1,000. Msilamu wopereka zaka amachotsa K25 pa K1,000 ya chuma chimene wasunga chaka chathunthu. Msonkho wa pa lamya uja ndi matambala 50 pa K1,000, ndipo umayang'ana kuchuluka kwa ndalama, osati kumene zikupita. Kotero munthu sangaleke kupereka kwa Mulungu ponamizira Kaisara.

Vuto lenileni liri pena. Ndalama za mpingo zikamalowa pa nambala ya msungichuma mwini wake, zimasakanikirana ndi za ufa wa pakhomo pake, ndipo pakutha pa chaka pamabuka mlandu ngakhale munthuyo ali wokhulupirika. Mpingo, bungwe la amayi kapena kwaya zikhale ndi nambala yaoyao yolembetsedwa bwino, ndipo mauthenga onse azilembedwa m'buku limene anthu awiri kapena atatu amaliona.

MALIRO, UKWATI NDI MWAMBO

Mutu umodzi susenza denga. Makolo athu ankasonkha ufa, nkhuni ndi nkhuku pa maliro, ndipo uwu unali msonkho wao umene munthu sankauthawa. Lero mwambowu ulipobe, koma wavala malaya ena. Munthu akamwalira pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, abale amatsegula gulu pa WhatsApp, ndipo dzuwa lisanalowe ndalama za bokosi ndi za galimoto yopita ku Rumphi kapena ku Chitipa zapezeka. Ichi n'chabwino, ndipo mabanja ambiri apulumuka nacho manyazi.

Koma pali zina zimene mafumu ndi akuluakulu akudandaula nazo. Mwambo umati uthenga wa maliro uyambe wafika kwa eni mbumba ndi kwa mfumu, ndipo unenedwe ndi munthu wosankhidwa, mwaulemu. Masiku ano mayi amatha kuona chithunzi cha mwana wake pa lamya ya mnzake asanauzidwe ndi aliyense. Anyamata ndi atsikana, gwirani chala chanu. Kufulumira kwa lamya kusapose ulemu.

Pa ukwati napo n'chimodzimodzi. Kwa Angoni ndi Atumbuka malowolo ankawerengedwa ndi ng'ombe. Lero mabanja ambiri amagwirizana mtengo wa ng'ombe m'makwacha, ndipo mnyamata amatumiza ali ku Joni. Palibe cholakwa, koma uthenga wa m'lamya si mboni. Thenga, amene kumwera amati nkhoswe, ayenera kukhalapo, ndalama ziwerengedwe pamaso pa mbali zonse ziwiri, pakuti tsiku la mlandu lamya ija idzakhala itatayika kale.

Ndiponso lamya yathandiza miyambo yathu kudziwika. Mwambo wa Umthetho wa ku phiri la Hora, wa Gonapamuhanya wa ku Bolero, malipenga a ku Nkhata Bay, ndi vimbuza, amene bungwe la UNESCO linawalemekeza mu 2005, zonsezi mwana wobadwira ku Cape Town amazionera m'manja mwake. Wojambula angokumbukira kupempha chilolezo, makamaka pa vimbuza, pakuti pamenepo pali munthu wodwala amene akuchizidwa.

NANGA MSONKHO UMAPITA KUTI?

Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Mzuzu unali ndi anthu oposa 220,000, ndipo dziko lonse anthu 17 miliyoni ndi theka. Onsewa amafuna mankhwala, aphunzitsi, apolisi ndi misewu. Wodwala akagonekedwa pa chipatala cha boma osalipira, mwana akalowa sukulu ya pulaimale imene inakhala yaulere mu 1994, pali wina amene walipira, ndipo ameneyo ndi inu nomwe pamene munagula mayunitsi ndi malata. Boma liribe munda wa ndalama. Likapanda kutolera limakongola, ndipo ngongoleyo adzabweza ndi ana anu.

Koma sitibisa kuti anthu ali ndi chifukwa chokayikira. Mu 2011 boma linaika misonkho yatsopano pa zinthu zambiri pa nthawi imene mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinali kusowa. Pa 20 July chaka chimenecho anthu anachita zionetsero, ndipo anthu 20 anafa m'dziko muno, ambiri mwa iwo ku Mzuzu konkuno. Manda a ena mwa iwo ali ku Zolozolo. Mu 2013 kunaululika kuba kwa mabiliyoni a ndalama za boma ku Lilongwe, kumene anthu anakutcha Cashgate. Zoterezi zimapweteka wokhoma msonkho aliyense, ndipo siziyenera kuiwalika.

Mipingo nayo yakhala ikulankhula. Mu March 1992 maepiskopi a Katolika analemba kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi onse, yodzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Mtsogoleri wa dayosizi ya Mzuzu pa nthawiyo, Monsinyo John Roche, anathamangitsidwa m'dziko chifukwa cha kalatayo. Ufulu umene anthu anaupeza pambuyo pake ndi womwe unachititsa kuti mu 2019 adandaule poyera, boma n'kubweza maganizo ake. Kotero wokhoma msonkho ali ndi mbali ziwiri: kulipira, ndi kufunsa. Funsani khansala wanu za ndalama za ziphaso za pa msika. Funsani phungu wanu mmene anavotera. Kufunsa si chipongwe.

MALANGIZO KWA ONSE

Pomaliza, nazi zinthu zisanu ndi chimodzi zoti musunge.

1. Nambala yachinsinsi ndi yanu nokha. Musauze ejenti, musauze mwana wa mnansi, ndipo musasankhe chaka chimene munabadwa. Adada ndi amama amene maso afooka asankhe mwana mmodzi wokhulupirika, osati aliyense wodutsa.

2. Wina akaimba kunena kuti ndi wa ku kampani kapena wa ku boma, ndipo akufuna nambala yachinsinsi kapena ndalama za msonkho kuti mulandire mphoto, ameneyo ndi wakuba. Dulani lamya. Lamulo la 2016 la za makompyuta ndi lamya limalanga anthu otere, choncho kaneneni ku polisi.

3. Mukalandira uthenga wakuti wina watumiza ndalama molakwitsa ndipo mubweze, yambani mwaona ngati ndalamazo zalowadi.

4. Musanatsindike komaliza, werengani dzina limene laoneka. Madzi akatayika saoleka.

5. Musagawe ndalama zambiri m'timagawo ting'onoting'ono pothawa K50, pakuti malipiro a kampani pa maulendo ambiriwo akhoza kuposa msonkhowo. Ndipo musayende ndi mtolo wa ndalama pa basi ya usiku chifukwa cha K50.

6. Mukagula m'sitolo yaikulu, pemphani lisiti la makina. Mukapanda kulitenga, msonkho mwalipira ndithu, koma ukhoza kutsalira m'thumba la mwini sitolo osafika ku boma.

Agogo athu ankayenda wapansi miyezi iwiri kukafuna mashiling'i a msonkho, ndipo analibe woti n'kumufunsa kumene ndalamazo zinapita. Ife msonkho umatipeza tiri khale pakhonde, koma pakamwa tiri napo. Inu amene mwawerenga nkhaniyi, musaisunge nokha. Kawerengereni anzanu osadziwa kuwerenga, ndipo mafumu aitengere ku bwalo kuti anthu onse amve.